Moni wa Tadala kwa Agogo Ake

Lolemba
Lamulungu likubwerali bambo anga adzaimba foni ya vidiyo kuchokera ku Ntcheu. Ulendo watha mwana wanga Tadala anawayankha kuti "Aye, fine," iwo n'kungoti, "Mwanayu mwamutaya." Mawu amenewo akundiwawabe. Ndiye lamulo m'nyumba muno mlungu uno: Chichewa chokhachokha. Ndamata pafiriji:
1. Mwaswera bwanji, agogo?
2. Ndaswera bwino, kaya inu?
3. Zikomo kwambiri (uku ukuwomba m'manja).

Lachiwiri
Shifiti yaitali kunyumba yosamalira okalamba. Tadala akaweruka kusukulu akutsala kwa Sisi Nomsa, neba wathu wa Chikhosa wochokera ku Joni, kuno ku Maryhill kutsidya kwa nyanja. Ndikukamutenga, ndapeza Nomsa akukalipira mng'ono wake pafoni. Mayo ine! Lilime likuthetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya, koma mawu osasochera ngakhale amodzi. Ndaima pakhomo kukamwa kuli yasa, mpaka kuiwala chomwe ndadzera.

Lachitatu
Tadala waloweza, koma osati za pafiriji:
eish
enkosi (akuti ndi zikomo)
hayi suka! (pokana nditamutuma kutsuka mbale)
shapu-shapu
Ndamuuza kuti zimenezo si zakwathu. Iye: "But Mum, you say shapu." Zoonadi, ndimanena. Nanga ifeyo tinakamutola kuti shapu?

Lachinayi
Ndalakwitsa, ndafunsa anzanga akuntchito za mawu ngati amenewa pa nthawi ya tiyi. Mkangano wake! Wa ku Zimbabwe akuti "bho" ndi wawo, wa ku Zambia akuti ayi ndithu, ine ndimayesa anabadwira ku Ndirande. "Eish" aliyense akumukokera kwawo. Abale, mawu amaoloka malire onsewa osafunsidwa pasipoti, ife tinachita kuonda ndi za viza! Ndawalemba kuseri kwa envelopu mpaka yadzaza. Phunziro la Tadala lero palibe.

Lachisanu
Basi yandisiya pamvula. Pakamwa panga patuluka "Tyhini!", mawu a Nomsa akadabwa, ndipo atuluka bwino zedi. Ine mphunzitsi nanenso ndagwa.

Loweruka
Kuyeserera komaliza. "Mwaswera bwanji" akumutchula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Koma "uxolo", kupepesa kwa Chikhosa, lilime lachita kuti tswa! Nomsa akuti mwanayu ali ndi khutu. Ndanyadira, kenako ndachita manyazi kuti ndanyadira. Mawa ndikuliopa.

Lamulungu
Foni yalira. Tadala wagwada bwinobwino, wawomba m'manja, basi mawu onse balala! Kenako, motsitsa, wapereka moni wa Chikhosa: "Molo, tatomkhulu." Ine ndatsinzina.

Bambo asendeza nkhope pa kamera. "Tyhini! Wazitenga kuti zimenezi?" Ndawauza za neba wathu Nomsa. Ndiye ayambapo: Chikhosa, Chisutu, ndi chiyankhulo cha kumigodi ya ku Joni, komwe anakakumba ine ndisanabadwe. Lilime likuthetheka m'kamwa mopanda mano! Ndakula nawo zaka zonsezi, sindinawamvepo akuyankhula zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Akutchula anzawo a m'mgodi mmodzimmodzi, akuseka mpaka kutsokomola, kwinaku akupukuta m'maso. Tadala sakumva n'theka lomwe, akungoti "Eish, agogo," iwo n'kumawonjezera.

Pomaliza andikumbukira ine. "Chichewa sachidziwabe, wamva? Koma Lamulungu likubwerali undiyitanire nebayo."

Chabwino. Ine ntchito yanga tsopano ndi yogwira foni.