Tsiku Limene Ermes Anapala Khungwa

Inu, tamverani za Ermes Bertacchini wa kwathu kuno ku Reggio, munthu amene anayendetsa basi zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku, koma anadzagwetsedwa ndi tchizi.

Ermes ndi uja amanenerera mtengo ngakhale wa ndimu limodzi. Tsiku lina anapita kopanga tchizi kukagula kilogalamu imodzi, ndipo anamva kuti ukatenga theka la gudumu lonse, chimtanda cha tchizi chozungulira chija, mtengo umatsika. Analimbana nawo mpaka nthawi ya nkhomaliro, n'kubwerako ndi makilogalamu makumi awiri atawamanga lamba pampando wakutsogolo ngati munthu.

"Bambo a Ilva, m'nyumba muno timadya anthu atatu," anatero Nives, mkazi wake.

"Mukanaona mmene ndawatsitsira mtengo."

"Mwawatsitsa. Nanga chizigona kuti? Pakati pathu?"

Mufiriji sichinalowe. Anachikulunga m'nsalu n'kuchiika kuchipinda chapansi, koma unali mwezi wa Julaye. Chinayamba thukuta, kenako chuku. Akachotsa chuku m'mawa, madzulo chamera kwina. Paja akulu anati chotchipa chimadulira kunyumba. Ngati sanatero, anangoiwala.

Pamenepo Ermes anachita chimene mwana wa ku Reggio sachita: anaganiza zochiika mufiriza, muja moumitsira madzi ndi nyama. Chathunthu chikanadzayoyoka, choncho anatseka mawindo kuopa anansi n'kuyamba kuchipala chonse. Masiku atatu, inu. Zala zinasupuka, phewa linauma, mphaka anayetsemula mpaka kusamukira kwa eni ake ena. Kunatsala matumba makumi anayi mufiriza ndi makungwa okhaokha.

Lamlungu lake kunabwera Oreste Campanini, bambo wa mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo Ilva. Oreste wapanga tchizi moyo wake wonse. Amati akagogoda gudumu ndi kanyundo amadziwa udzu umene ng'ombe inadya. Munthu wotere akadziwa kuti mumadya tchizi cha mufiriza, ukwati akhoza kuulola, koma moni wa pamsewu muiwale. Ndipo mwambo mukuudziwa: msuzi ukafika patebulo, mwini nyumba amatenga chibenthu n'kupala alendo akuona.

Ermes anali ndi nzeru. Chopalira chake n'chija cha bokosi, chokhala ndi kadirowa pansi. Anadzaziratu kadirowako ndi cha mufiriza, n'kutenga khungwa lalikulu, kuliphimba ndi chikhatho, kuyamba kupala ndi nkhope ya wansembe.

Khungwalo linalira ngati macheka. Oreste anaika supuni pansi n'kutchera khutu.

"Asewere, chimenechi n'cha miyezi ingati?"

"Makumi atatu."

"Miyezi? Chikulira ngati mwati zaka."

Ermes anaseka yekha, n'kukoka kadirowa kuti awazire mlendo. Koma tchizi chija chinali chitagwirana, chinatuluka chibuma chimodzi, phava m'mbale, msuzi wonse pa taye ya Oreste. Mwayi wake, chibumacho chinamira n'kusungunuka, umboni n'kutheratu. Tsoka lake, pothamangira kupukuta taye, anasiya khungwa patebulo.

Onse analiyang'ana. Linali lopyapyala moti ukanawerengera nyuzi kudzera pamenepo.

Oreste anatolanso supuni. Anamaliza msuzi wake, ndipo pa nthawi ya khofi anamukokera Ermes pakhonde.

"Asewere, penshoni ya basi ndikuidziwa. Kusowa si mlandu. Koma munthu wamkulu kupalira alendo khungwa, mtima wandipweteka."

Apa panali njira ziwiri: kutchedwa mmphawi, kapena kutsegula firiza. Ermes anasuzumira m'nyumba. Nives anali kupukuta mbale imodzimodziyo kachitatu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ermes anaweramitsa mutu. "Zinthu zavuta, asewere."

Lolemba m'mawa galimoto ya Oreste inaima pakhomo. Anthu awiri anatsitsa gudumu lathunthu, makilogalamu makumi anayi.

"Theka lokha likwana, asewere," anatero Ermes.

"Ayi."

"Kota. Kota ndi moni wanu, basi."

"Ayi."

"Chabwino, makilogalamu asanu, ndipo chakumwa ndigula ine."

Oreste anamugwira paphewa, paja pouma paja.

"Musachite manyazi, ndife abale tsopano. Muzidya, musamaumire. Ine ndizibwera Lamlungu lililonse kudzaona mmene chikuthera."