Galu wa Wometa Uja Anatha Bwanji, Bwana?

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Mapologalamu,
Wailesi ya Kanema Yathu Yokondedwa.

Wolemekezeka Bwana,

Mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndikudziwa kuti nthawi ndi yosowa ku ofesi kwanuko, poti ngakhale masewero anu sapeza yoti athere. Ine ndimadula makiyi ndi kukonza maloko. Kabenchi kanga kali pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera basi. Kunyumba tilipo awiri, ine ndi mwana wanga wamwamuna wa ku pulayimale. Mayi ake anatisiya chaka chatha.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha sewero lakale lija mumationetsa Loweruka madzulo, la wometa tsitsi ndi mwana wake, m'katauni ka msewu umodzi ndi wotchi yosayenda.

Choyamba, ndikuthokoza kukhulupirika kwanu. Mawailesi ena amavutitsa anthu ndi zinthu zatsopano. Inu munapeza gawo limodzi ndipo mwaligwiritsa. Mwina simunalionepo, poti ndinu otanganidwa, ndiye ndikufotokozereni. Mnyamata amatola galu wotsimphina nakamubisa m'kabati ya matawulo m'shopu yometera. Galuyo akalira, mnyamata amatsokomola kuti bambo ake asamve. Bamboyo amasiya kasitomala ali ndi thovu kumaso nkumumwetsa mwana mankhwala a chifuwa, supuni pa supuni, mpaka botolo kutha. Mwana wanga analoweza zonse. Amayankhula ochita sewerowo asanatsegule pakamwa, ndipo aphunzitsi ake akuti akanamaloweza choncho za m'kalasi bwenzi ali patali.

Chachiwiri, ndikuthokoza anthu osaoneka aja amene amaseka m'sewerolo. Mkazi wanga ankawatsogolera kuseka. Wometa akangotenga supuni, iye anali atagwira kale nthiti, ndipo iwo akayamba ankati, "Amenewa amachedwa bwanji!" Masiku ano amaseka okha. Musawachotse ntchito, amatithandiza.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kumapeto, wometa amatsegula kabati, galu amamunyambita dzanja. Amatseka shopu, kukhala pa sitepe, kuphaphasa pambali pake nkunena kuti, "Mwana wanga, khala apa." Amakoka mpweya. Pomwepo pamatulukira bambo wonenepa wotsatsa malonda akudumpha pa matilesi, akuimba kuti msana wake wapeza bwenzi. Akatha kudumpha, nkhani zimayamba.

Bwana, ine ntchito yanga ndi yodula, ndipo luso ndimalizindikira. Makina anga nthawi zina amaphonya dzino la kiyi, koma wodula masewero wanuyo sanaphonyepo. Mlungu uliwonse amagwetsa mpeni pa mpweya womwewo. Mumukweze pantchito.

Ndafunsa anthu mmene nkhaniyo inathera. Kondakitala wina akuti galu anathamangitsidwa, poti galu alibe malo pometera. Mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi benchi langa akuti anakhala, ndipo ngati sanakhale ndiye kuti wometayo ndi mfiti. Mkulu wa sitolo ya zitsulo akuti anaonera sewerolo ali mnyamata, koma m'nthawi yawo munalibe galu.

Mwina mukudabwa kuti bambo wa imvi wavutikiranji ndi galu wa pa kanema. Chifukwa chake ndi ichi.

M'chipinda mwanga muli kabati ya zovala za mkazi wanga. Titabwerako ku maliro ndinaikhoma, kiyi ndinaponya m'thumba la makiyi a ntchito. Alamu anga, akulu ake a malemuyo, akhala akundiuza kuti zovala zigawidwe, ine nkumayankha kuti tidzaona. Loweruka lina tikuonera sewero lanu, ndinamva kulira kwa kanthu kuchipinda. Mwana wanga anatsokomola. Kulirako kunabwereza, iye anatsokomolanso, chifuwa chabwino ndithu, chochokera pansi. Ndinadzuka kukafuna mankhwala. Ndinafika pogwira supuni ndisanazindikire kuti gawo limeneli ndikulidziwa.

Kabati ndinaipeza yosakhoma. Mwanayo anaitsegula ndi kawaya. Luso limeneli sindinamuphunzitse, komabe ndiyenera kunena kuti loko sanalikande ngakhale pang'ono. M'katimo, pa deresi lobiriwira limene mayi ake ankavala popita ku maukwati, panagona mphaka wa diso limodzi ndi tiana take tosaona. Fungo la mafuta awo odzola linali lisanathe. Ndinangoima, dzanja lili pa chitseko.

Mwanayo anati, "Ababa, kunja kumazizira. Komanso Amayi sakulivala."

Bwana, m'nyumba mwathu tinagawana ntchito. Zitseko ndi maloko zinali zanga, mawu anali a mkazi wanga. Mwana akalakwa kapena akalira, ine ndinkangoima kumbuyo nkumavomera ndi mutu. Tsopano mwini mawu kulibe, ndiye ndinachita zimene inu mwandiphunzitsa. Ndinatuluka, kukhala pa sitepe, kuphaphasa pambali panga nkunena kuti, "Mwana wanga, khala apa." Anakhala. Ndinakoka mpweya. Pamenepo maphunziro anu anathera. Ndinayang'ana mpanda, ndinayang'ana nsapato zanga, osapeza kanthu. Mwanayo anadikira mwaulemu, kenako anayamba kuimba chapansipansi kuti msana wake wapeza bwenzi.

Tinaseka, Bwana. Tinaseka mpaka mayi woyandikana nafe anasuzumira pa mpanda kuti aone ngati kwabwera alendo. Panalibe anthu anu osaoneka otithandiza, tinakwanitsa tokha.

Titapuma, mwanayo anabweretsa maganizo ake. Anati tichite zimene wometa anachita: akasunga galu, mphaka akhala, akathamangitsa galu, mphaka achoka. Anatambasula dzanja ngati munthu wamkulu, ine ndinaligwira. Sindinaganize bwino. Mutu unali udakali ku deresi.

Alamu atamva anabwera ndi ukali. "Alamu, mwapenga? Deresi la mng'ono wanga lasanduka chipatala cha amphaka?" Anakalipa ataima, anakalipa atakhala pansi, kenako ndinawapeza atanyamula kamphaka kamodzi akukauza kuti kakakula kadzakhala kawo. Tsiku lomwelo tinapinda zovala zina zonse, iwo akutchula kumene chilichonse chinavalidwa. Lobiriwira tinalisiya, poti lili pa ntchito.

Mukuona tsono kuti mlandu wa mphaka wathu uli m'manja mwanu. Loweruka lililonse mwana wanga amakhala patsogolo pa kanema atamufungata, tiana tili m'katoni pambali. Wometa akakhala pa sitepe, mwanayo amaluma mlomo. Bambo wa matilesi akatulukira, amakuwa ngati timu yake yagoletsa. Eni matilesi muwauze kuti m'dziko muno muli munthu mmodzi amene amakonda uthenga wawo, kungoti ndalama alibe.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi chilengezo chanu cha mlungu watha. Mtsikana wanu wowerenga mapologalamu anati mwagula makina atsopano, ndipo kuyambira mwezi wamawa masewero onse azioneka athunthu. Ine sindinade nkhawa, poti malonjezo anu ndinawazolowera ndipo sanandipwetekepo. Koma mwana amakhulupirira akuluakulu. Chimvereni zimenezo chakudya akungochitokosa, ndipo dzulo ndinamupeza akufunsa kondakitala uja ngati mphaka amalipira basi.

Mukhoza kunena kuti bambo ndine, ndingolamula kuti mphaka akhale, nkhani ithe. Kunena zoona ndamukhomera kale kanyumba kuseri kwa khitchini, ka chitseko chake ndi kaloko kosafunika. Koma ndinagwira dzanja la mwana. Mayi ake sankalola kuti mawu opatsa mwana asinthidwe, ngakhale mowakomera, ndipo mwanayo anatengera iwowo. Wometa akathamangitsa galu, mwanayo adzanyamula katoni yekha akulira, ine osatha kumuletsa. Nyumba ino yataya kale zokwanira.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Tsiku lina mukapeza mpata, lowani mu ofesi, mutseke chitseko, muonere gawo limeneli nokha mpaka kumapeto. Ndikudziwa kuti kudzakhala koyamba ku wailesi yanu, koma limbani mtima. Ngati kiyi wa kumene mumasungira mathero a masewero anatayika, ndiitaneni, ndidzatsegula ulere, kapena ndidzatuma mwana.

Mukapeza kuti wometa anasunga galu, tionetseni Loweruka likubwerali, ndipo ndidzakutamandani pokwerera basi ponse. Koma mukapeza kuti anamuthamangitsa, Bwana, chonde musatukuke. Makina atsopanowo muwasiye m'makatoni, wodula uja mumubwezere mpeni wake, bambo wonenepa adumphe monga mwa masiku onse. Sindikukupemphani chachilendo. Ndikungopempha kuti mupitirize kusamaliza zimene mwayamba, ndipo pa ntchito imeneyo palibe amene ndimamudalira kuposa inu.

Ine wanu woonera wosatopa, amene ndakhala pa sitepe mpweya uli m'chifuwa,

Wodula Makiyi wa Pokwerera Basi