Kubweza Anyamata ku Njati

Lolemba

Timu yathu ya Njati, ya kuno ku Mambwe, yatsala chigoba. Amene atithawa ndi awa:

– Gedioni, wosewera pakati. Watengedwa ndi timu ya ku Chipata.
– Lameki, kipa. Wapeza ntchito yoperekera zakudya ku loji.
– Yotamu, womwetsa zigoli, mng'ono wanga weniweni. Wakwatira ku Nsefu, akukhala kwa apongozi, ndipo akusewerera timu ya kumeneko.

Loweruka tikumenya ndi Nsefu yomweyo pabwalo pathu. Kochi wathu, a Mbewe, akuti timange timu pang'onopang'ono, masapota tipirire. Kupirira n'kwa anthu amene nzeru zawathera. Ine ndine wapampando wa masapota, ng'oma imagona m'nyumba mwanga. Ndalengeza pamsika kuti atatu onsewo ndiwabweza lisanafike Loweruka. Anthu awomba m'manja. Lero ndayenda ngati phungu.

Lachiwiri

Ndiyamba ndi Gedioni. Ndakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu pomwe foni imagwira. Wayankha mwaulemu: "Mwaswera bwanji, apampando? Kuno tikusewera titavala nsapato, zonse ziwiri zofanana." Ndamukumbutsa kuti tinamulera ndife. Akuti atipempherera.

Palibe vuto. Gedioni anali wadyera, mpira sankapatsira anzake. Awiri otsalawo ndiwo timu.

Lachitatu

Lameki ndamutumizira uthenga kudzera kwa mlongo wake. Yankho ndi chithunzi: malaya oyera, thireyi m'manja, masaya atuluka. Akuti Loweruka kuli alendo ambiri.

Madzulo ndili kubwalo kuona anyamata akukonzekera. Kipa watsopano ndi a Zakeyu, aja oyimbitsa kwaya kutchalitchi. Mimba patsogolo, magalasi amangirira ndi mphira. Mpira ukamabwera amatambasula manja ngati akuyambitsa nyimbo. Enawo ndi anyamata otola thonje, ena sindikuwadziwa n'komwe mayina. Masapota onse maso ali pa ine. Ndawauza kuti asade nkhawa, Yotamu ndi magazi anga.

Lachinayi

Ndalawirira panjinga wa ku Nsefu. Njovu zatseka msewu. Ndadikira pansi pa mtengo mpaka zakhuta, dzuwa lili pamutu.

Apongozi ake a Yotamu andilandira bwino mochititsa manyazi: mpando, madzi, nsomba yowamba. Nkhani yanga ndayamba nditadya kale, ndiye yatuluka yofooka. Yotamu wamvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Akulu, ndikasewerera Njati Loweruka, ndidzagona kuti?" Mkazi wake akuseka pakhomo.

Ndabwerako ndi nsomba zouma, womwetsa zigoli ayi. Koma ndaona ndi maso anga: mwanayo wanenepa. Ulendo sunapite pachabe.

Lachisanu

Msonkhano wa masapota pansi pa mtengo wa mango. Zofuna zawo:

– kupambana mawa
– chikho cha boma lonse chaka chino
– tikagonja, kochi achoke
– tikagonja, ng'oma ichoke m'nyumba mwanga ipite kwa wachiwiri wanga, a Sakala, munthu wosadziwa kuyimba ngakhale chidebe

Wina wafunsa kuti atatu aja afika nthawi yanji. Ndaimirira, ndakhosomola, n'kunena kuti timu imamangidwa pang'onopang'ono, tipirire. A Mbewe andiyang'ana nthawi yaitali. 

Loweruka

Tapambana!

Chigawo choyamba mpira sunachoke kugolo kwathu. A Zakeyu akutchinga ndi mimba, ndi bondo, kamodzi ndi nkhope, magalasi n'kugwera uko. Kwaya yonse yaima kuseri kwa golo ikuyimba mawu anayi. A ku Nsefu ayamba kukalipirana.

Chigawo chachiwiri, mmodzi wa otola thonje aja, dzina lake ndi Filipo, ndaliphunzira lero, wamenya mpira wofuna kupatsira mnzake. Mpira wakana, walowa m'golo. Fumbi bwalo lonse. A Sakala andikumbatira.

Chakumapeto, penati ya Nsefu. Womenya ndi Yotamu. Ng'oma ndaisiya. Mwana amene ndinamuphunzitsa kumenya mpira wamapepala, ndipo sindikudziwa choti ndipempherere. Wamenya pakati. A Zakeyu agwera kumanzere, koma chidendene chawo chatsalira, mpira wamenya pomwepo n'kutuluka. Wezulo yalira. Wani ziro.

Anthu anyamula a Zakeyu, alephera, anyamula ine. Akuti ku Nsefu ndinapita kukamanga miyendo ya Yotamu, nkhani yomubweza inali yophimbira chabe. Sindinatsutse. Ng'oma yafika kunyumba ili pamutu panga, nyimbo mpaka pakhomo.

Lamulungu

Mawu atha. Kutchalitchi a Zakeyu akuyimbitsa ndi dzanja limodzi, linalo latupa.

Amayi sanandiyankhe moni. Auza mkazi wanga kuti ndinavina mng'ono wanga akulira. Yotamu wangotumiza mawu awiri: "Mwasewera bwino." Ndawawerenga kangapo.

Potuluka m'tchalitchi masapota andizinga. Zopirira sakuzikumbukanso. Chikho akuti ndi chathu kale, chatsala n'kukachitenga. Loweruka likubwerali tikumenya ndi Msoro, ndiye akuti ndipite kumeneko ndikachite zomwe ndinachita ku Nsefu. Ndawauza kuti ku Msoro ndilibe m'bale. Akuti ndikampeze.

Tayala lakumbuyo la njinga laphwa. Ndikumata.