Zakale Zili Pantchito

Lolemba
Atsala masiku asanu. Loweruka gulu lathu la mbiri yakale likuonetsa zinthu zamakedzana mu holo ya tchalitchi kuno ku Dzoole, ndipo wokamba nkhani ndi ine mlembi. Masamba khumi ndi anayi, ndawalemba miyezi itatu. Kukubwera mayi wina wa ku myuziyamu, nyumba yosungirako zakale ku tauni. Akasangalala, atiitana kukaona kwawoko. Akapanda kusangalala, a Mbewe atcheya athu anena kale kuti gulu litha, poti tatsala anthu asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo amangobwerera tiyi.

Zomwe ndatuta panjinga m'midzi:
mtondo ndi munsi, kwa aNabanda
goli la ng'ombe, kwa a Kamwendo
simbi yamakala, kwa amayi busa
mphero, kwa a Jere
mtsuko, wathu womwe

Chilichonse ndachilembera kapepala kake.

Lachiwiri
ANabanda abwera kudzatenga mtondo. Akuti kuchigayo kulibe magetsi ndipo ana sangadye mbiri. Ndikuwaonetsa kapepala kuti aone ulemu umene mtondo wawo walandira: "Ankasinjira makolo athu kalekale." Awerenga, andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiye kuti ine ndinafa, aphunzitsi?"

Ndawanyamulira ndekha mpaka kwawo.

Lachitatu
Goli lapita! A Kamwendo akutumiza fodya ku Madisi pangolo. Ati abweza Lachisanu, koma akunena akuyang'ana kumbali. Masamba atatu a nkhani yanga ndi a goli lokhalokha. Ndiziloza chiyani? Ndayesa kuwerengera nkhuku nkhaniyo pakhonde, nazonso zachoka ndili tsamba lachiwiri.

Lachinayi
A Jere atenga mphero. Akuti apirira masiku atatu opanda fodya wamphuno, mutu ukuwang'amba, ndipo wopera pamwala wina sawakomera. Sindinalimbane nawo, ndi achikulire.

Chondipweteka ndi mtsuko. Mayi akunyumba aunyamula osandiuza, ati madzi a m'ndowa akufunda ngati osamba. Mdani ali m'nyumba mwanga momwe!

A Mbewe aimba foni kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndayankha kuti zili bwino kwambiri. Bodza lotere, ine mkulu wa mpingo.

Lachisanu
Amayi busa atenga simbi. Akuti asitire malaya abusa, chifukwa mawa ndi amene akutsegula mwambo wathu ndi pemphero. Mwambo womwewo ukudya zinthu zake!

Goli silinabwere.

Patebulo patsala:
nsalu yoyera
timapepala tisanu
ine, nditagwira tsaya

Kuti m'holo musaoneke mbee, ndalowetsa njinga yanga. Inali ya malemu bambo, anaigula ine ndisanabadwe, ndipo chishalo chake chinachita dzenje la thupi lawo lomwe ine ndinangolowamo. Ingoima pakona mawa lokha. Ndabwerera kunyumba wapansi, ndikuopa.

Loweruka
Holo yadzaza, sindinaonepo. Aliyense wabwera kudzamva zomwe ndinene za chinthu chake. Mlendo wakhala kutsogolo ndi kamera, akuyang'ana timapepala.

Ndikuyamba: "Apa panayenera kukhala mtondo, chida chimene chikusowa masiku ano..."

"Uli kwathu, ndasinjira m'mawa uno!" ANabanda amenewo, kumbuyo.

Holo yonse phwete. A Jere akuonjeza za mphero, akuyetsemula. Ndikufuna nthaka ing'ambike. Koma mlendo waimirira, akuti zinthu zogona patebulo waziona zambiri, iye akufuna kuona zikugwira ntchito. Watuluka, anthu onse pambuyo pake, abusa ndi malaya awo osita. Ndatsala ndekha pa tsamba loyamba.

Abwerera masana, mlendo ali mbuu ndi gaga, akuseka. Watiitana mwezi wamawa. Gulu lapulumuka! Kenako maso ake agwera pakona. Akuizungulira njinga, akusisita chishalo, akufunsa ngati mwini wake angalole kuti ikasungidwe kwawoko. Ndisanatsegule pakamwa, a Mbewe aimirira.

"A mlembi athu akuipereka ndi mtima wonse."

Nthungululu. Abusa adalitsa. Ungakane bwanji pamaso pa mudzi wonse, utadalitsidwa kale? Inenso ndaomba nawo m'manja.

Lamulungu
Kutchalitchi wapansi, kubwerako wapansi. Aliyense akundigwira chanza kuti ndine munthu wa mtima wabwino. A Kamwendo abweretsa goli lero, ati ndisachedwe nalo.

Mtondo ukusinja, mphero ikupera, madzi a mumtsuko akuzizira bwino. Chapita ku myuziyamu ndi chimodzi chokha, chimene ndimachifuna tsiku lililonse. Masamba khumi ndi atatu ndawaika pansi pa matiresi.

Mwezi wamawa ndikaiona njinga yanga. Akuti kumeneko salola kukhudza. Tayala lakumbuyo limaphwa masiku atatu aliwonse, ndipo pampu yatsala kuno.