Mzinda wa M'galaja ya Madala

Botolo lachitatu ndi limene linkapatsa Pulofesa nzeru. Tsiku limenelo atangoligugudiza, anayala chipepala patebulo la m'bala n'kuchitsendereza ndi mabotolo.

"Aise, umphawi tatsanzikana nawo," anatero.

Pulofesayu sukulu anaisiyira panjira, koma poti ankavala magalasi, dzina linamukhala. Anali atangotha masabata atatu chitulukire kundende, ndipo mkazi wake anali atamuuza mosapsatira kuti, "Mukabwererakonso, ine simudzandipeza." Anzake anali awiri: Waya, woonda ngati dzina lakelo, ndi Chigubu, amene mpando uliwonse unkalira akaukhalira.

Chipepalacho Waya anachitola m'bini ya madala ena opuma pantchito ya njanji, okhala m'nyumba ya mpanda wautali. Chinali chosindikiza pakompyuta: mapu a misewu, njanji, siteshoni ndi banki, m'mbali mwake muli mndandanda wa katundu. Magalimoto 36. Sitima 4. Zidutswa za golide 12.

"Madala awa akhala akuba kunjanji moyo wawo wonse, zonse anabisa kuseri kwa mpanda," Pulofesa anafotokoza. "Ife tikungokatenga gawo lathu."

"Sitima zinayi mumpanda?" anafunsa Chigubu. "Nanga bwanji sitinazimvepo zikulira?"

"Iwe, chinthu chakuba umachiliza?"

Nkhani inathera pomwepo. Anagundanitsa mabotolo, Chigubu n'kuyamba kukangana ndi Waya kuti galimoto yofiira atenga ndani.

Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, poti Pulofesa ankati usiku ndi wa agalu ndi alonda, ananyamuka ndi mawilibala awiri, chifukwa golide amalemera. Mpanda anadumpha bwinobwino, kupatula Chigubu amene anasiya theka la buluku pamwamba. Kuseriko anapeza kapinga, mpopi ndi galaja. Njanji? Ng'o!

"Zili pansi pa nthaka, khomo lake ndi galajayo," ananong'ona Pulofesa. "Vulani nsapato."

Limeneli linali lamulo la gululi: mbava yanzeru siisiya chidindo cha nsapato. Analowa mumdima wa galajayo ali mapazi okhaokha.

Woyamba kukuwa anali Waya. "Mayo ine! Misomali!" Anadumphira uko, n'kupondanso zina. Chigubu anavina mwendo umodzi, kenako anagwa chagada pa chinthu chimene chinangoti phwaa! Pulofesa anapapasa khoma n'kuyatsa getsi.

Abale inu! Mzinda wonse wa pamapu unali pomwepo, pamatabwa ofika m'mawondo, womangidwa ndi tinjerwa tapulasitiki toseweretsa, tolumikizana tija. Magalimoto onse 36 akanakwana m'chipewa. Banki inali pansi pa matako a Chigubu. Pasimenti ponse panali mbwee tinjerwa ta makona akuthwa, tina titakanirira kumapazi awo.

Chitseko chinatseguka. Analowa madala aja, dzanja ili laputopu, dzanja ili unyolo wa galu wamkulu ngati thole.

"Takulandirani," anatero madala. "Mzindawu ndaumanga miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mawa anzanga akubwera kudzauona. Sankhani: apolisi, kapena muumangenso."

Pulofesa anakumbukira mawu a mkazi wake, ndipo anagwada msangamsanga. "Timanga, bwana! Kumanga ndiye ntchito yathu."

Madala anatsegula pulogalamu imene anajambulira mzindawo. Inkaonetsa nyumba iliyonse mzere ndi mzere, kanjerwa kalikonse pamalo pake, njanji iliyonse pokhotera pake. "Iwe woonda, kofiira ka timitu tinayi, osati tiwiri! Iwe wonenepa, usakhalenso!" Atatuwo anamanga chogwada mpaka dzuwa kupendeka. Sitima itayamba kuzungulira, Chigubu anaomba m'manja, misozi ili lengelenge.

"Mwagwira ntchito," anatero madala. "Tiwerenge kaye, kenako muzipita."

Pulogalamuyo inali ndi chiwerengero cha chilichonse. Magalimoto, bho. Sitima, bho. Mitengo, bho. Golide m'banki, khumi ndi chimodzi.

Waya anayang'ana Chigubu. Chigubu anatembenuza matumba ake. Pulofesa anayang'ana kumbali, tsaya limodzi litatupa pang'ono.

"Bambo a magalasi, mwakaonako?"

"Mm-mm."

Galu anauwa kamodzi kokha. Pulofesa anadzidzimuka, kachidutswa kachikasu kanatumphuka m'kamwa mwake n'kugwera panjanji, sitima n'kuima. Ine ndimati kupusa kuli ndi malire, koma apa ndinagonja. Munthu ufulu uli pakhomo!

Madala anapukuta kagolideko ndi mpango, n'kuimba foni.

Kupolisi, mkazi wa Pulofesa atafika, wapolisi anamuonetsa umboni uli pachikhatho, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Mayiyo anakayang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Mayi a kunyumba, mvetsani," anadandaula Pulofesa. "Ndimafuna ndikalume kaye. Mwina m'kati mwake ndi weniweni."

Mayiyo anatsegula chikwama, n'kuika kiyi wa nyumba pakauntala.

"Bwana, mudzawapatse akadzatuluka."