Galimoto Imene Inaloza Malume Kumanda

Kuno ku Wanki, kumgodi wa malasha kutali ndi kwathu, dzina langa lenileni linaikidwa m'manda tsiku lomwelo limene tinaika a Mbewe. Kuyambira pamenepo ana a m'komboni amandiitana kuti Girisi, ndipo ine ndimavomera, pakuti munthu amene anachita zimene ndinachita ine sakhalanso ndi mphamvu zosankha dzina.

Ndinafika kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu nditangolekeza sukulu ya kumudzi. Anandiitana ndi malume anga, a Jailosi, amene anali kapitawo wa ngolovani, tingolo tachitsulo totulutsira malasha mumgodi. Anandipezera ntchito yopaka girisi m'mawilo a tingoloto. Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi lokha: chitsulo chikalira ndiye kuti chili ndi ludzu. Mzungu wathu akangomva kuti kwii, ankafuula kuti, "Faka mafuta, mampara!" (ndiye kuti thira mafuta, chitsiru iwe) ndipo khofi linkafika mawuwo asanathe. Ine ndinaphunzira msanga. Pasanapite nthawi ngolovani zanga zinkayenda mwakachetechete ngati mphaka, ndipo malume anayamba kunditama kwa anzawo kuti mphwawo amamva chilankhulo cha zitsulo. (Kumudzi ndinali nditakonzapo njinga ya aphunzitsi kamodzi. Malume akamafotokoza, njingayo inkakula mpaka kufanana ndi sitima.)

M'komboni mwathu munali galimoto imodzi yokha ya munthu wakuda. Mwini wake anali a Chirwa, telala, amene anaigula kwa mzungu wina wobwerera kwawo itakalamba kale. Inali yofiira, yaifupi ngati yagwada, ya mipando iwiri, yopanda denga, mawilo ake a masipoko ngati njinga. Ankati paunyamata wake inkachita mipikisano. Anthu anaipatsa dzina loti Kachiwala. Vuto lake linali buleki ya pamanja, ija amakoka poimika galimoto. Inkakokeka mpaka kuloza kumwamba koma osagwira kanthu, choncho a Chirwa ankayenda ndi mwala waukulu pampando wa mlendo. Akaima, ankatsika msangamsanga ndi kuutsamiritsa kuwilo.

A Mbewe anamwalira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha mwakuti malata ankachita kulankhula okha. Anafa ndi chifuwa cha mumgodi, chimene chimatenga anthu ambiri kuno. Koma panali nkhani. A Mbewe ndi malume ankalimbirana ukapitawo, malume ndiwo anaupeza, ndipo tsiku lina ku holo ya mowa anakangana mpaka malume ananena kuti, "Uona." Mawu amenewa munthu aliyense amawanena akapsa mtima. Koma a Mbewe atayamba kulavula magazi, anthu anawakumbukira, makamaka mng'ono wawo, a Sandifolo, amene sankalonjeranso malume.

Bungwe lathu la maliro la anthu a ku Nyasalande linagwirizana kuti abusa, amene miyendo inkawavuta, apite kumanda pa Kachiwala. A Chirwa anabwera kwa malume madzulo a tsiku loti mawa tiika.

"A Jailosi, inetu ndavomera, koma abusa akhala pati? Pampando pali mwala."

"Aufukate," anatero malume.

"Abusa afukate mwala pamaliro? Anthu ati chiyani? Mwana wanu mumamutama uja sangaione buleki imeneyi?"

Malume ananditembenukira. "Iwe, ungaithe?"

Ndinkafuna kunena kuti sindinagwirepo galimoto chibadwire. Koma akuluakulu awiri anali kundiyang'ana, ndipo ine munthu wamkulu akandiyang'ana lilime limauma. Ndinayang'ana pansi ndi kunena kuti, "Ndiyesa, malume." Iwo anamva ngati ndati inde.

M'mawa mwake, anzanga akukakumba manda, ine ndinali chagada pansi pa Kachiwala kuseri kwa shopu ya a Chirwa. Ndinene zoona, chiyambi chinayenda bwino. Ndinatsata waya wochokera pa chogwirira cha bulekiyo mpaka kumawilo a kumbuyo, ndipo ndinaona kuti ndi nzeru yomweyo ya buleki ya njinga. Wayayo anali atatamuka. Panali nati yomukungira, ndinaimanga ndi sipanala pang'onopang'ono, ndikutuluka kukayesa chogwirira, ndikulowanso. Mapeto ake chogwirira chinayamba kulimba chisanafike patali. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndili ndi dzina.

Koma ndine munthu wosamala. Ndinakweza galimoto pa jeke kuti ndione ngati wilo likuzungulira bwino buleki itamasulidwa. Ndinalizunguza, ndipo ndinamva kwee, kwee, kwee. Tsaya langa linayamba kutentha lokha, mbali imene khofi limafikira. Ndinaganiza za abusa atakhala m'galimoto yolira chonchi patsogolo pa maliro, ndi manyazi amene malume akanachita.

Ndinachotsa wilo. Kuseri kwake kunali chimbale chachitsulo, ndinachichotsanso. M'kati ndinapeza tizitsulo tiwiri topindika, tomatidwa ndi chinthu chonga chikopa, touma gwaa, fumbi lokhalokha. Ndinamva chisoni. Ndinati mumtima, azungu awa, zaka zonsezi osachipatsa chinthuchi ngakhale kadontho! Ndinatenga chitini changa cha girisi ndi kupaka bwinobwino ndi chala, osasiya malo. Ndinapakanso m'kati mwa chimbale chija. Kenako ndinapita kuwilo linalo, limene silinkalira n'komwe, ndi kulipakanso kuti lisadzayambe. (Panthawiyo sindinkadziwa kuti pa zitsulo zonse za m'dziko pali zina zimene ntchito yake ndi kukhulana, ndipo kuuma ndiwo moyo wake. Kusukulu tinaphunzira mitsinje ya ku Ulaya, koma izi ayi.)

Nditabwezera zonse, mawilo ankazungulira osamveka. A Chirwa anakoka chogwirira nachimva kulimba.

"Eee, mwana iwe! Ngati yatsopano!"

Tinaisiya pabwalo la shopu, ndipo inaima osasuntha. Bwalolo ndi lathyathyathya ngati tebulo la telala, koma palibe amene anaganiza zimenezo.

"Nanga mwalawu?" anafunsa a Chirwa.

Apa ndi pamene ndinalankhula mawu aatali koposa onse amene ndinali nditalankhulapo kwa munthu wamkulu. Ndinati, "Usiyeni, bambo. Ntchito yake yatha." Ndinaunyamula ndekha ndi kukauika pansi pa mtengo.

Ulendo wa kumanda unayenda bwino. Maliro amayenda pang'onopang'ono, ndipo mabuleki a kutsogolo, amene mwamwayi sindinawakomere mtima, ankakwanira. Manda athu ali pamalo otsetsereka, msewu umathera kumtunda. A Chirwa anaimika galimoto pamenepo, anakoka buleki mwaulemu kuti anthu aone, nathandiza abusa kutsika. Za kuisiya m'giya sankazidziwa, pakuti anadziphunzitsa okha kuyendetsa ndipo giya yawo inali mwala uja.

Tinatsitsa bokosi. Amayi anali atakhala pansi mbali ina, akulira motsitsa. Malume anali m'gulu la adzukulu, ataima kuseri kwa mulu wa dothi, fosholo ili m'manja. Abusa anati titseke maso.

Ine sindinatseke onse. Ndinkafuna kuyang'anako ntchito yanga. Ndinaona Kachiwala akusuntha.

Sanachite phokoso ngakhale pang'ono, ndipo apa ndiyenera kuvomera kuti girisi ndinapaka bwino. Anatsika pang'onopang'ono, wopanda munthu, ngati nayenso wabwera kudzaponya dothi. Ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke, chifukwa abusa anali pakati pa pemphero ndipo ine sindinadulepo munthu wamkulu mawu. Amene anakuwa ndi mayi wina. Anthu anabalalika, ena kugwera pamitumbira, abusa anaiwala za miyendo yawo. Galimoto inadutsa pakati pa anthu osagunda aliyense, inapotoka pang'ono potsata kutsetsereka, inakwera mulu wa dothi ndi mawilo a kutsogolo, ndi kuima. Mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza mawondo a malume. Nyali zake ziwiri zozungulira zinali kuwayang'ana kumaso.

Kunali zii. Dothi lokha linkamveka likugwera pabokosi.

Kwathu aliyense amadziwa nkhani za bokosi limene limakana njira ya kumanda ndi kukoka olinyamula mpaka pakhomo pa amene anapha munthuyo. Ngakhale amene amaimba kwaya amazidziwa. A Sandifolo ndiwo anayamba, ndi mawu otsika.

"Achimwene alankhula."

"A Sandifolo, tili pamaliro," anatero abusa.

"Alankhula, abusa! Bokosi tinalikhomera, ndiye atuma galimoto. Anthu tonsewa yatilambalala bwanji? Jailosi, suja unati aona? Aonatu. Tsopano uona ndiwe."

Sanawatchulenso mwaulemu kuti a Jailosi. Amuna angapo anayamba kusendera, wina atatola khasu la adzukulu. Malume anangoima, thukuta likutsika m'fumbi la kumaso. Ndinadziwa kuti akawagwira pamenepo sabwerera ndi miyendo yawo.

"Ndi girisi," ndinatero.

Palibe anamva. Ndinali nditalankhulira m'malaya.

"Ndi girisi!"

Ulendo uno anthu onse anatembenuka, ndipo ndinalakalaka dzenje lija likanakhala langa. Ndinagwada, pakuti sindinkadziwa kuti munthu amalankhula bwanji kwa khamu ataimirira.

"Ukuti chiyani, mwana iwe?" anafunsa abusa.

"Buleki inkalira, abusa. Ndiye ndinaipaka."

"Unapaka chiyani?"

"Girisi. M'kati. Mbali zonse ziwiri."

Panali bambo wina wa ku Tete amene amagwira ntchito ku galaja ya mgodi. Anabwera, anagwada pawilo la kumbuyo, napisa dzanja kuseri. Girisi anali atasungunuka ndi kutentha, akuchita kudontha. Anatulutsa dzanja lili bii, analinunkhiza, naliimika m'mwamba kuti onse aone.

"Mwana uyu wadzoza buleki," anatero. "Abale, ine ndaona zitsiru pamgodi pano, zoyera ndi zakuda. Koma uyu ndi kapitawo wawo."

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. Kenako wina. Kuseka kwa pamaliro ndi koipa, kumatuluka ngati chifuwa, ndipo munthu akamakuletsa ndi pamene kumakula. Ngakhale wa khasu uja analitsitsa, mapewa akugwedezeka. Amayi a malemu okha ndi a Sandifolo ndiwo sanaseke.

"Chabwino, ndi girisi," anatero a Sandifolo. "Nanga girisi ali ndi maso? Ndipo anapaka ndi mphwake wa yani?"

Tinakankha galimoto kubwerera kumtunda, ine ndinatumidwa kukasaka mwala, ndipo ndinakhala pambali pake kuugwirira mpaka manda atatha kukwiriridwa.

Malume sanamenyedwe. Ndicho chokha chimene ndingaloze. Koma funso la a Sandifolo linayenda m'komboni monse kuposa kuseka kuja. Anthu ena anati ndi ngozi ya mwana wopusa, ena anati mwanayo anachita kuphunzitsidwa zonena. Ku holo ya mowa malume akakhala pabenchi, anzawo ankakumbukira kuti ali ndi kopita. Mvula isanathe anasiya ukapitawo umene anaulimbirana uja, nakalowa ntchito ya njanji ku Thomson Junction, kumene anthu sadziwa za a Mbewe.

Tsiku losamuka ndinawanyamulira sutikesi. Titafika ananditembenukira.

"Mphwanga, unandipulumutsa, sindikana. Koma unayamba wandikumbira dzenje. Tsiku lina ukadzafuna kundithandizanso, udzayambe wandiuza, kuti ndithawe."

"Ndamva, malume."

Kachiwala anakonzedwa ndi bambo wa ku Tete uja, amene anachita kuwotcha tizitsulo tija pamoto kuti girisi achoke. Buleki akuti tsopano imagwira, koma mwala unabwerera pampando wake, ndipo a Chirwa akandiona ndikubwera amaimirira pakati pa ine ndi galimoto.

Lamulungu lapitali ndinapita kukawaona malume. Chitseko cha nyumba yawo yatsopano chimalira potsegula, kulira kwenikweni kwa chitsulo chaludzu. Ndinangochiyang'ana pang'ono, dzanja langa lili m'thumba mmene mumakhala kabotolo ka mafuta.

"Chisiye," anatero malume osatembenuka n'komwe. "Chimandiuza kuti wafika."