Mpeni wa Apongozi

Pa zinthu zonse zopusa zimene ndinachita chaka chimene migodi inagulitsidwa (ndipo zilipo zingapo), ya mpeni ndiyo mkazi wanga amakonda kuuza alendo. Iye amaikometsera, choncho bola muimve kwa mwiniwake.

Ndinali kalaliki wa m'sitolo ya pamgodi ku Kitwe. Eni atsopano atabwera anati akalaliki tachuluka, ndipo ine ndinapezeka pakati pa ochulukawo. Apongozi anga aamuna, amene anayamba kulowa pansi mumgodi ine ndisanabadwe, nawonso anawapumitsa, ndipo anaganiza zobwerera kwawo ku Katete. Banja linakonza phwando lowatsanzika. Akamwini anzanga awiri, onse apantchito, anali atalonjeza kale: wina njinga, wina malata. Ine pamisonkhano ya banja ndinkangoyala mipando.

Masiku amenewo ndinkachoka kwathu ku Bulangililo kupita m'tauni, ku kafe ya intaneti, kukafuna ntchito (ntchitoyo ndinkaifuna mphindi zisanu, nthawi yotsala ndinkaona zithunzi). Kumeneko ndi kumene ndinauona. Unali mpeni wa ku Amereka, wa anthu aja amasonkhanitsa mipeni n'kumangoiyang'ana. Chogwirira chake chinali cha nyanga ya gwape, ndipo pachitsulo anajambulapo munthu wa mumgodi ali ndi nyali pachipewa. Ndinati njinga imatha matayala, malata amachita dzimbiri, koma ichi mdala adzachionetsa mudzi wonse. Pansi pa chithunzi panali timawu ting'onoting'ono tambiri. Sindinatiwerenge.

Nditamulembera, wogulitsa anandiyankha mwaulemu kuti mipeni ya mtundu umenewo satumiza kunja kwa dziko lawo. Wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinakumbukira mlamu wanga Agnesi, nesi amene amagwira ntchito komweko. Ndinamupempha kuti augule, autumize papositi, ndipo papepala alembe kuti ndi chiwiya cha kukhitchini. Agnesi amayenda ndi kolona m'thumba, sanama ngakhale kwa positi. Analemba kuti mpeni.

Podikira, pakamwa panga sipanapume. Ndinauza akamwini anzanga kuti mphatso yanga ikubwera pandege. Ndinauza oimba kwaya, ometa tsitsi, ngakhale mayi wogulitsa makala.

Patatha milungu ingapo kunabwera kapepala kondiitana ku Ndola, ku ofesi yoona katundu wochokera kunja. Ndinavala suti ndi tayi yanga ya paukwati, n'kukwera minibasi. Pofika teni awazi m'mawa ndinali pabenchi, pafupi ndi bambo wina amene anabwerera mabuku a tchalitchi chawo.

Wondithandiza anali mayi wamagalasi, wolankhula Chibemba chodekha. Anang'amba phukusi, n'kutulutsa kabokosi kamatabwa konyezimira, m'kati muli nsalu yofiira. Mpeniwo unagona pamenepo utapindidwa. Anandifunsa ntchito yake, ine ndinati ndi wa munthu wokalamba, wosendera malalanje. Anautembenuza uku ndi uku, nandipempha kuti ndimuonetse mmene umatsegukira.

Ndinaulandira ngati katswiri (ndinali ndisanaugwirepo chibadwire). Ndinakoka ndi chikhadabo, osatheka. Ndinauyandikizitsa pachifuwa kuti ndione bwino, n'kuona kabatani m'mbali. Ndinadina.

Chitsulo chinatumphuka chokha, thwa! Chinang'amba tayi, ine n'kuutaya, mpeni n'kutsetsereka pasimenti kulunjika kubenchi. Bambo wa mabuku uja, munthu wa mimba yake, ndinangomuona ali chiimire pamwamba pa benchi atakumbatira katoni.

Mayi uja sanaseke. Anavula magalasi, napukuta, navalanso.

"Malalanje, mukwai?"

Chibemba changa, chimene ndalankhula kuyambira ndili mwana, chinathawa chonse. Ndinayamba kupepesa m'Chinyanja. Iye anafotokoza kuti mpeni wotseguka wokha chotere sautulutsa popanda kalata ya apolisi, ndipo anautsekera m'kabati.

Apa napo ndikanatha kubwerera kunyumba. Koma ndinapita kupolisi, tayi ili lende. Wapolisi anatenga cholembera n'kuyamba kufunsa bwinobwino. Dzina ndinatchula. Kokhala ndinatchula. Atafunsa za ntchito ndinayamba ndi mawu akuti "ndinali", iye n'kuika cholembera pansi.

"Tiyeni tione ngati ndamva, bambo. Simuli pantchito. Mwaitanitsa kunja mpeni wobisika m'thumba, wotuluka ukadina batani. Wang'amba kale chovala chanu. Ndiye mukufuna ine ndisaine kuti zili bwino?"

Nditazimva m'kamwa mwa munthu wina, nanenso ndinayamba kudzikayikira. Ndinathokoza kwambiri, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Nditabwerera ku ofesi ija, mayi wamagalasi anandimvera chisoni. Anati palibe lamulo loletsa mabokosi, nandipatsa kabokosi kaja kopanda kanthu.

Tsiku la phwando njinga inalowa ikulira belu, malata anawatsitsa pagalimoto anthu akululutira. Kenako ine, amene mphatso yake inabwera pandege. Ndinagwada patali monga mkamwini, mkazi wanga n'kupereka kabokosiko. Apongozi anatsegula, nasuzumira, nakatembenuza n'kugwedeza. Mkazi wanga anawanong'oneza nkhani yonse, osasiyako ngakhale za tayi.

Mdala anaseka mpaka chifuwa cha mumgodi chinawagwira. Atapuma anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kachitsulo ka nambala yawo ya pantchito, kamene ankapachika pachipata tsiku lililonse polowa pansi. Anakagoneka pansalu yofiira ija, natseka mosamala.

"Aka kanalibe pogona," anatero. Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Enawa andipatsa zabwino. Koma mkamwini uyu anandigulira mpeni woti boma lenilenilo linachita nawo mantha."

Ku Katete ndikumva kuti mpeniwo wakula, tsopano akuti ndi wautali ngati mkono. Kuno ku Bulangililo ndikadutsa pa ometa tsitsi amandifunsabe ngati mkaidi wanga wa ku Ndola anamupatsa belo.

Timawu ting'onoting'ono tapansi pa zithunzi masiku ano ndimatiwerenga. Mwezi watha ndinawerenga tonse ta kankhwangwa kena kokongola ka ku Ulaya, ndipo sindinapezepo batani. Ndamulembera Agnesi kawiri. Sanayankhe.